"Andipeza nako": Chichewa cha kuchipatala pa nkhani ya chindoko ndi chinzonono

Chaka chatha alamu anga, akazi a mng'ono wanga, anandiimbira foni madzulo ena atangofika kuchokera kusikelo ya amayi oyembekezera. Moni sanapereke n'komwe. Anangoti, "Alamu, andipeza nako," basi n'kuyamba kulira. Ine sindinafunse kuti nako chiyani. Palibe Mmalawi amene anaona zaka za m'ma 1990 angafunse funso limenelo. Tonse timadziwa kuti "ko" ameneyo akuloza dzina limodzi lokha la m'gulu la Ka-Ti, dzina limene linatiikitsa maliro ambiri.

Patapita masiku awiri ndinapita kukawaona, ndipo anandionetsa buku lawo la kuchipatala. Pamzere wa HIV panalembedwa kuti alibe. Chimene anawapeza nacho chinali chindoko. Anamwino anali atawabaya kale jakisoni tsiku lomwelo ndi kuwauza kuti abwerenso kawiri, kamodzi pa sabata, komanso kuti abwere ndi abambo akunyumba. Nditawafunsa zimene anamwinowo ananena, anakumbukira chiganizo chimodzi chokha, chakuti magazi awo apezeka ndi kachilombo koyambitsa chindoko. Mawu awiri omalizawo sanalowe m'khutu. Atangomva "kachilombo" mutu unaima, zotsatira zonse n'kungodutsa. Masiku awiri amenewo sanadye bwino, amuna awo sanawauze kanthu, ndipo za majakisoni awiri otsalawo anali atazitaya kale. Ankati nanga jakisoni angathandize chiyani pa matenda osachizika.

Andilola kuti ndifotokoze nkhaniyi, ndipo sindikuifotokoza pofuna kunyoza anamwino aja. Chiganizo chawo sichinaphwanye lamulo lililonse la chiyankhulo, ndipo pa sayansi chinali choona. Ndi Chichewa chomwechi chimene timachiwerenga pazikwangwani za m'makoma a zipatala, m'timapepala ta uthenga wa zaumoyo, ndiponso timachimva pawailesi. Ndicho chimene ndikufuna kuchiunika lero. Dandaulo langa ndi lakuti Chichewa chimenechi chimamasulira mawu a Chingerezi limodzilimodzi mokhulupirika, koma panjira chimagwetsa mfundo imene wodwala akuifunitsitsa: chindoko, chinzonono ndi klamidiya amayamba ndi mabakiteriya, ndipo amachizika. Chodandaulitsa kwambiri n'chakuti chiyankhulo chathu chili nazo kale zida zonenera zimenezi momveka. Omasulira ndi amene sakuzigwiritsa ntchito.

Ka- ndi ti- anasiyana njira

Chilombo ndi nyama yolusa ya kutchire. Tikaphatikiza ka- kumayambiriro timapeza kachilombo, kanthu kamoyo kakang'ono: nankafumbwe wa m'nkhokwe, nsabwe, kapena chilichonse chokwawa chimene sitikuchidziwa dzina. Agogo ankanena kuti "kachilombo kandiluma pamwendo" popanda wina kudzidzimuka. Azachipatala atafuna mawu otchulira zamoyo zosaoneka ndi maso zimene zimayambitsa matenda, anatola mawu omwewa, ndipo anasankha bwino.

Koma kuyambira mu 1985, chaka chimene munthu woyamba anatsimikizika kuti ali ndi Edzi m'Malawi muno, mawu akuti "kachilombo koyambitsa Edzi" anamveka paliponse, pawailesi, kutchalitchi, pamsonkhano wa mfumu ndi pamaliro, mpaka mchira wake unaduka n'kutsala "kachilombo" pakokha. Tanthauzo linapanikizika n'kukhala la chinthu chimodzi. Chosangalatsa kwa ife ophunzira chiyankhulo n'chakuti dzina lochulukitsa silinatsatire mnzake. Tizilombo tikadali ta kolera, ta malungo, ta m'madzi a pachithaphwi, ta m'munda wa thonje. Tayesani kunena ziganizo ziwiri izi kwa mayi aliyense pamsika:

Mwanayu ali ndi tizilombo m'magazi.
Mwanayu ali ndi kachilombo m'magazi.

M'buku la galamala kusiyana kwake ndi kwa chiwerengero basi, kamodzi ndi tambiri. Pamaso pa mayiyo mudzaona kuti choyamba ndi matenda, chachiwiri ndi chigamulo. Womasulira amene amalemba "kachilombo koyambitsa chindoko" amatsatira buku, osati khutu la womvera.

Pansi pa vutoli pali lina. Mawu akuti tizilombo amaphimba mitundu iwiri ya zamoyo imene pochiza imasiyana kutali. Chindoko chimayamba ndi bakiteriya wotchedwa Treponema pallidum, amene Fritz Schaudinn ndi Erich Hoffmann anamuona koyamba mu 1905 ku Berlin. Wa chinzonono anamupeza ndi Albert Neisser mu 1879, n'chifukwa chake amatchedwa Neisseria gonorrhoeae. Mabakiteriya amafa ndi mankhwala a gulu la maantibayotiki. Penicillin anayamba kuchiza chindoko mu 1943, ndipo mpaka lero jakisoni wa benzathine penicillin ndiye mankhwala ake enieni, ngakhale kwa mayi woyembekezera. HIV ndi herpes ndi mavairasi. Mankhwala ake amawafooketsa ndi kuwagoneka, koma sawachotsa m'thupi. Tikawaika onse m'thumba limodzi la "matenda opatsirana pogonana oyamba ndi tizilombo", mantha a wamkuluyo amaphimba ang'onoang'ono onse.

Ena amati mawu akuti bakiteriya ndi achilendo, anthu akumudzi sangawamve. Ine zimenezo sindivomereza. Anthu omwewo anaphunzira kunena ma-ARV, shuga, BP, ngakhale CD4, chifukwa mawuwo anali ndi ntchito pamoyo wawo. Mawu obwereka amakhazikika akakhala kuti akusiyanitsa zinthu zimene munthu akufuna kuzisiyanitsa. Ndipo ngati wina sakufuna kubwereka, njira ina ilipo yosavuta: anene "tizilombo ta chindoko", kapena angoti "chindoko" osatchula tizilombo n'komwe. Chongofunika kupewa ndi ka- uja.

Mayina athu amatchula zooneka

Tiyeni tione mayina enieniwo. Chinzonono, chimene ena amati chizonono, chikufanana kwambiri ndi kisonono cha m'Chiswahili. Chindoko anzathu ambiri a ku Zambia amachitcha kaswende, dzina limene likupezekanso m'Chiswahili. Palinso mabomu, dzina lochokera ku bomba lophulika, lotchulira kutupa kwa anabere m'mphechepeche kumene nthawi zina kumaphulika n'kutulutsa mafinya. Mukamvetsera mmene anthu amagwiritsira ntchito mayinawa, muona kuti amatchula chimene maso aona. Chinzonono ndi mafinya otuluka ndi ululu pokodza. Chindoko ndi chilonda cha kumaliseche. Mabomu ndi chotupa.

Azungu nawo anayambira pomwepo. Mawu akuti gonorrhoea anachokera ku Chigiriki, ndipo amatanthauza kuchucha kwa mbewu, chifukwa akale ankaganiza kuti mafinya aja ndi umuna. Dzina lakuti syphilis linachokera m'ndakatulo ya Chilatini imene dokotala wa ku Italy, Girolamo Fracastoro, anatulutsa mu 1530, panthawi imene Ataliyana ankati nthendayi ndi ya Afalansa, Afalansa n'kumati ndi ya ku Naples. Koma sayansi itapeza mabakiteriya, mayina a Chingereziwo anasamuka pa chizindikiro n'kukamangirika pa bakiteriya. Lero gonorrhoea ndi nthenda ya bakiteriya mmodzi, kaya pali mafinya kaya palibe. Mayina athu sanasamuke. Akadali pa chizindikiro.

Apa ndiye pamene omasulira amalakwitsa mosazindikira. Amalemba chinzonono pamene Chingerezi chati gonorrhoea, chindoko pamene chati syphilis, ngati kuti mawuwo ndi mapasa. Komatu mnyamata amene akunena kuti "ndatenga chinzonono" akunena za mafinya, ndipo mafinyawo akhoza kubwera ndi Neisseria, kapena ndi Chlamydia trachomatis, kapena ndi onse awiri pamodzi, zimene zimachitika kawirikawiri. Chilonda chimene munthu akuchitcha chindoko chikhoza kukhala chindoko chenicheni, chikhoza kukhala herpes, chikhozanso kukhala cha bakiteriya wina wotchedwa Haemophilus ducreyi. Mabomu nawo ali ndi oyambitsa oposa mmodzi. Za mauka ndiye musanene. Wina akati mauka akunena kuyabwa, wina akunena totupa, wina chikazi chachilendo, ndipo ambiri sawawerengera n'komwe m'gulu la matenda otengera pogonana.

Chodabwitsa n'chakuti kachitidwe ka zipatala zathu kali pafupi ndi mayina a kumudzi kusiyana ndi mayina a m'mabuku. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, Malawi ndi mayiko ambiri a kuno kwathu amatsata njira imene bungwe la WHO linalimbikitsa, yochiza potengera gulu la zizindikiro. Makina oyezera mabakiteriyawa mwachindunji ndi okwera mtengo, sapezeka m'zipatala zing'onozing'ono, ndipo wodwala amene wauzidwa kuti abwere mawa kudzamva zotsatira nthawi zambiri sabwera. Tsono dokotala safunsa kuti bakiteriya wake ndi uti. Amaona kuti awa ndi mafinya otuluka panjira ya mkodzo, ichi ndi chilonda, uku ndi kupweteka kwa m'chinena, n'kupereka tsiku lomwelo mankhwala opha mabakiteriya onse amene amakonda kubweretsa chizindikirocho.

N'chifukwa chake bambo wobwera ndi mafinya amalandira jakisoni komanso mapiritsi. Jakisoniyo ndi wa chinzonono chenicheni: WHO masiku ano imalimbikitsa ceftriaxone, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko ochepa amene kwa zaka zambiri anadalira gentamicin. Mapiritsi a doxycycline, mamiligalamu 100 kawiri patsiku kwa masiku 7, ndi a klamidiya. Awa ndi matenda awiri ndi mankhwala awiri. Koma m'Chichewa cha wodwalayo nthenda ndi imodzi, chinzonono, ndipo tonse tikudziwa ulemu umene jakisoni ali nawo pakati pathu. Kwa iye jakisoni ndiye mankhwala, mapiritsi ndi ongoperekeza. Pofika tsiku lachitatu mafinya auma, mapiritsi otsala aikidwa pawindo kudikira mnzake amene adzadwale. Timapepala timangolamula kuti "malizani mankhwala onse". Sitinena chifukwa, poti chifukwacho chimafuna dzina lachiwiri, ndipo dzinalo m'Chichewa mulibe.

Nthenda yopanda dzina

Klamidiya alibe dzina la kumudzi, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Mayina athu amatchula zooneka, pamene iye nthawi zambiri saoneka. Anthu ambiri amene ali naye, makamaka amayi, samva kalikonse. Chinzonono nachonso mwa amayi chimatha kukhala phee. Komatu ziwerengero za WHO za chaka cha 2020 zikusonyeza kuti mwa anthu a zaka 15 mpaka 49 padziko lonse, amene anatenga klamidiya anali pafupifupi 129 miliyoni, chinzonono 82 miliyoni, chindoko 7.1 miliyoni. Nthenda yofala kuposa zinzake ziwirizi ndi imene ife tilibe nayo mawu.

Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwambiwu ndi woona pa matenda ambiri, koma klamidiya amaupotoza. Palibe amene wamva m'mimba, choncho chitseko sichitsekulidwa, uku bakiteriya akukwera kuchoka pakhomo la chiberekero kupita m'njira zodutsa mazira. Akatupitsa njirazo n'kuzisiyira zipsera, zotsatira zake ndi kupweteka kwa m'chinena kosatha, mimba yokhala kunja kwa chiberekero, kapena kusabereka. Pamenepo ndiye chiyankhulo chathu chimakhala ndi mawu ambirimbiri. Mayi uja amatchedwa chumba, ankhoswe amakhala pansi, ena amaloza azakhali kuti anamumanga. Mawu a mapeto a nkhaniyi tili nawo ochuluka, koma a chiyambi chake tilibe.

Taonani tsono mmene zikwangwani zambiri zimalembedwera. Pamwamba mutu, m'munsi mndandanda wa zizindikiro: kutuluka mafinya, zilonda, kuyabwa, kupweteka pokodza. Pomaliza pamabwera lamulo lakuti mukaona zizindikirozi pitani kuchipatala msanga. Palibe bodza pamenepo. Koma chiganizo cha "mukaona" chimanyamula mthunzi wake: mukapanda kuona, khalani. Wowerenga aliyense amamva mthunziwo ngakhale sunalembedwe. Mfundo yakuti munthu akhoza kukhala ndi matendawa osamva kanthu, ikalembedwa n'komwe, imakhala m'tizilembo ting'onoting'ono pansi. Ine ndikanakonda itakhala pamwamba penipeni, ndipo dzina lakuti klamidiya litalembedwa m'kalembedwe kathu n'kumatchulidwa pawailesi mpaka lizolowereke. Chinthu chopanda dzina munthu sangachiope, sangachifunse kwa dokotala, sangamuuzenso mnzake.

Kupola, kupeza bwino, kuchira

Apa ndi pamene ndimaona kuti Chichewa n'cholemera kuposa Chingerezi cha m'timapepala, koma chuma chake sichikugwiritsidwa ntchito. Tili ndi aneni osiyanasiyana a kutha kwa matenda. Chilonda chimapola. Wodwala amapezako bwino. Munthu amachira. Dokotala amachiza kapena kuchiritsa. Nthenda imachizika, ndipo -ik- ameneyo, wa msintho umene kusukulu tinkautcha wam'chibisira, akutiuza kuti chinthucho n'chotheka.

Chindoko chimafuna aneni onsewa. Patapita pafupifupi masabata atatu munthu atatenga bakiteriya, pamatuluka chilonda chimodzi, nthawi zambiri chosapweteka. Pakatha masabata 3 mpaka 6 chilondacho chimapola chokha, kaya munthu wamwa mankhwala kaya ayi. Pambuyo pake pamabwera zidzolo, kawirikawiri m'zikhatho ndi kumapazi, nazonso zimazimirira zokha. Kenako nthenda imabisala, mwina kwa zaka zambiri, isanayambe kuwononga mtima, mitsempha ndi ubongo mwa ena. Nthawi yonseyi mayi akhoza kupatsira mwana amene ali m'mimba, ndipo mapeto ake amatha kukhala kupita padera, kubereka mwana wakufa kale, kapena mwana wobadwa ndi chindoko. Nkhani yonseyi m'Chichewa imakwana m'mawu anayi: chilonda chapola, munthu sanachire. Palibe agogo amene angalephere kumva chiganizo chimenechi. Chikufotokozanso chifukwa chimene mankhwala alionse, a m'botolo kapena a mizu, amaonekera ngati agwira ntchito pa chindoko: amapatsidwa ulemu wa chilonda chimene chikanapola chokha.

M'malo mwa aneni amenewa, uthenga wa zaumoyo unakonda mawu amodzi aulesi, "chithandizo". Kalandireni chithandizo, chithandizo chilipo, analandira chithandizo. Mawuwa amamasulira treatment wa Chingerezi, ndipo ngati mnzakeyo, sanena ngati munthu achire kapena ayi. Wa HIV amalandira chithandizo moyo wake wonse. Wa khansa yofalikira amalandira chithandizo. Wa chindoko chongoyamba kumene amalandiranso chithandizo, chikhalirecho iye jakisoni mmodzi wa mayunitsi 2.4 miliyoni amamuchiza, ndipo ngati sizikudziwika kuti nthendayo yakhala nthawi yaitali bwanji, majakisoni atatu pa masabata atatu. Alamu anga anauzidwa kuti chithandizo chilipo. Mawu amenewo anawamvapo kale akunenedwa kwa achibale amene anayamba ma-ARV, choncho anangowatsimikizira mantha awo. Akanamva kuti "muchira", nkhani ikanakhala ina.

Palinso chiganizo china chimene ndimachimva kawirikawiri m'maminibasi, chakuti "thupi langa linazolowera mankhwala amenewo". Mwininkhani wa chiganizochi ndi wolakwika. Si thupi limene limazolowera, ndi mabakiteriya. Neisseria ndi katswiri pa zimenezi: anagonjetsa mankhwala a sulfa, kenako penicillin, tetracycline ndi ciprofloxacin, mpaka mu 2017 WHO inamuika pamndandanda wa mabakiteriya ofunika mankhwala atsopano. Mawu akuti "tizilombo tosamva mankhwala" ndimawayamikira kwambiri, chifukwa kumva m'Chichewa ndi kumveranso, ndipo aliyense amamudziwa mwana wosamva. Kusiyana kwa ziganizo ziwirizi si kwa galamala yokha. Amene akuti thupi lake linazolowera amaona ngati vuto ndi lake yekha, ndipo amapita kwa mavenda kukagula mtundu wina. Amene wamva kuti tizilombo ndi timene tasiya kumva amazindikira kuti tizilombo timeneto akhoza kupatsira mnzake, ndi kuti mibulu iwiri yogula pamsika ndiyo sukulu imene timaphunzirako kusamvako.

Mphatikiri -an- ndi ulemu wa "nawo"

Mawu akuti "matenda opatsirana pogonana" ndiyenera kuwachitira chilungamo. Analowa m'malo mwa "matenda a chiwerewere", mawu amene ankaweruza wodwala asanakhale n'komwe pampando. Mayi amene sanayendepo kunja kwa banja lake akanavomera bwanji kuti ali ndi nthenda ya chiwerewere? Mawu atsopanowa amatchula njira, osati khalidwe, ndipo kumeneko kunali kupita patsogolo. Ali ndi malire ake, inde. "Pogonana" amasiya kunja mwana wa m'mimba amene amatenga chindoko kwa mayi ake, ndi khanda limene limatenga chinzonono m'maso pobadwa. Komanso ambiri akamva kugonana amaganiza za njira imodzi yokha, pamene chinzonono chimakhalanso pakhosi ndi kumbuyo.

Koma taonani mmene mawuwo anamangidwira. Mu "opatsirana" muli -an-, mu "pogonana" mulinso -an-. Msintho wochitirana ukupezeka kawiri m'mawu awiri. Galamala yokha ikulengeza kuti nthendayi ndi ya anthu osachepera awiri. Chodabwitsa n'chakuti tikafika pochiza, -an- uja amasowa. Aneni onse amaloza munthu mmodzi: pitani, kayezetseni, imwani, malizani. Za mnzake zimabwera kumapeto ngati zongowonjezera. Komatu wochizidwa yekha amabwerera kunyumba kukatenganso nthenda yomweyo, chifukwa matendawa sasiya chitetezo m'thupi. Chiganizo chonga "munapatsirana, muchire limodzi" chikanabwezera -an- pamalo pake, ndipo sichiloza chala kuti anayamba ndani.

Vuto lenileni lili pa dzina la mnzakeyo. Chingerezi chili ndi partner, mawu osalowerera amene safunsa za ukwati. Chichewa chimakukakamiza kusankha. Ukati "amuna anu" kapena "akazi anu" watsekera kunja wina aliyense amene si wapabanja. Ukati "chibwenzi chanu" kwa mayi wapabanja wamutukwana. "Bwenzi logonana nalo", mawu amene ndimawaona m'zolemba zambiri, ndi Chichewa cha mu ofesi chimene palibe amachiyankhula, ndipo "nalo" ameneyo amamveka ngati akunena chinthu osati munthu.

Anamwino ena achikulire ali ndi njira yawo imene sindinaionepo italembedwa. Amati, "Amene mwakhala nawo malo amodzi miyezi yapitayi, nawonso abwere." Tamvetserani "nawo" ameneyo. M'Chichewa kuchulukitsa ndi ulemu zimavala malaya amodzi. "Nawo" akhoza kukhala munthu mmodzi wolemekezeka, abambo akunyumba, akhozanso kukhala anthu atatu. Wodwala amasankha yekha tanthauzo limene likumukhudza popanda kuulula kanthu, ndipo namwino sananene kuti wodwalayo ndi woyendayenda. Kusamveka bwino kumene aphunzitsi a galamala amakudandaula, pano kukugwira ntchito yoteteza ulemu wa munthu. Chingerezi sichingathe zimenezi popanda kuwonjezera s wa m'mabulaketi. Luso lotere lili m'kamwa mwa ogwira ntchito, koma olemba timapepala amayambira pa chikalata cha Chingerezi m'malo moyambira pa anthu amenewa.

Mawu amene tikuwasowabe

Pali malo amodzi pamene ngakhale Chichewa cha anamwino chimapunthwa. Kachipangizo koyezera chindoko mwachangu, kamene amadonthezerapo magazi a pachala, sikafufuza bakiteriya mwiniwakeyo. Kamafufuza asilikali amene thupi linapanga polimbana naye, ndipo mwa anthu ambiri asilikali amenewa amakhalabe m'magazi moyo wonse ngakhale munthu atachira. Kuyeza kwa mtundu wina, kotchedwa RPR, ndiko kumathandiza kuona ngati nthenda ikadali yamoyo, chifukwa mlingo wake umatsika munthu akachizidwa. Tsono mayi amene anachira akhoza kudzayezedwa pa mimba yotsatira n'kuuzidwanso kuti "mwapezeka nacho". Kumene kulibe RPR azachipatala amatha kumubayanso pofuna kuteteza mwana, poti akhozanso kukhala kuti watenga kachiwiri, ndipo mayiyo ayenera kulandira jakisoniyo. Koma tangoganizani zimene mneni "kupezeka" angachite m'banja. Mayi aganiza kuti bambo ayendanso, bambo aganiza kuti ndi mayi, kapena onse aganiza kuti achipatala ananama ponena kuti chimachizika.

Mneni mmodzi, kupezeka, akusenza matanthauzo awiri: muli nacho, ndi munakhalapo nacho. Ine ndikuganiza kuti mawu akuti chipsera angathandize. Aliyense amadziwa kuti chipsera si chilonda, koma chimasonyeza kuti chilonda chinalipo. Namwino atati, "Kachipangizoka kamaona chilonda ndi chipsera chomwe, sikasiyanitsa, tikubayani kuti titeteze mwana," banja likhoza kubwerera kunyumba osakangana. Sindikunena kuti mawuwa ndi okhawo oyenera. Ndikunena kuti ntchito yofunafuna mawu otere ndi yathu, ife ophunzira ziyankhulo, ndipo sitikuigwira. Timathera nthawi yambiri pokangana ngati tilembe kachilombo kapena kachirombo, pamene mayi wa kusikelo wamva kale chinthu china.

Wina anena kuti namwino amene panja pali mzere wa amayi ambirimbiri alibe nthawi ya zonsezi. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake chiganizo choyamba chiyenera kukhala chokonzedwa bwino, poti mwina ndi chokhacho chimene wodwala amve. Chimene alamu anga anauzidwa chinayamba ndi magazi, n'kubwera kachilombo, dzina la nthenda kumapeto. Tiyeni tichitembenuze:

"Mayi, HIV mulibe. Tapeza chindoko. Chindoko chimachizika, ndipo jakisoni wa lero atetezanso mwana. Mubwerenso kawiri, ndipo amene mumakhala nawo malo amodzi abwere muchire limodzi."

Kutalika kwake sikusiyana kwenikweni ndi zimene zimanenedwa kale. Mulibe mawu a Chingerezi oposa amene anthu akuwadziwa. Zimene zasintha ndi dongosolo la mfundo, mneni, ndi mphatikiri mmodzi amene wachotsedwa. Aliyense wa inu amene akufuna mutu wa kafukufuku akhoza kutenga ziganizo ziwirizi, kuziwerengera anthu a m'madera osiyanasiyana, ku Ntcheu, ku Nkhotakota, ku Chipata kapena ku Tete, n'kuwafunsa zimene amva. Zotsatira zake zingathandize olemba uthenga wa zaumoyo kuposa mndandanda wina wa mawu omasuliridwa.

Alamu anga anamaliza majakisoni awo atatu. Kuuza mng'ono wanga sikunali kophweka, ndipo zimene anakambirana m'nyumba mwawo si zanga kuzilemba pano, koma kuchipatala anapita, nayenso anabayidwa. Masiku ano alamuwo akamafotokozera anzawo a kusikelo nkhaniyi amati, "Anandipeza nacho, ndinachira."